Mmene mungapezere anzanu okonda sitima ya pamtunda ndi kukumbutsana za kumene munakulira

Pali funso limene limandifika mobwerezabwereza, makamaka kuchokera kwa anthu amene anakulira m'mbali mwa njanji koma lero ali ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku Leeds. Amafunsa kuti anzawo okonda sitima angawapeze kuti, ndipo akawapeza ayambe bwanji kucheza nawo kuti akumbutsane za kale. Ndalemba yankho lonse pano kamodzi. Kuwapeza anthuwo n'kosavuta. Povuta ndi pofunsa, chifukwa funso lolakwika limatseka munthu pakamwa ngakhale ali ndi nkhani zodzadza nkhokwe. N'chifukwa chake ndakhalitsa pa gawo 5 ndi 6.

1. Yambani mwaidziwa njanjiyo

Munthu amene anagwira ntchito ku njanji zaka 30 amadziwa pa funso lanu loyamba ngati mukudziwa chimene mukufunsa. Simukuyenera kukhala katswiri, koma zikuluzikulu muzisunge pamtima.

Njanji yoyamba inachokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, n'kudutsa pa Chiromo, kukwera mapiri a ku Thyolo mpaka ku Limbe ndi Blantyre. Inatsegulidwa mu 1908. Mu 1915 anaitalikitsa chakumwera mpaka ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi. Kwa zaka zingapo anthu opita ku Beira ankatsika, kuwoloka mtsinjewo pamadzi, n'kukakwera sitima ina kutsidya, kufikira mlatho wa Dona Ana, wotalika pafupifupi makilomita 3.7, utatsegulidwa mu 1935. Chaka chomwecho njanji ya kumpoto inafika ku Salima kudzera ku Balaka ndi Chipoka. Nthambi yochokera pa Nkaya kudutsa Liwonde mpaka ku Nayuchi, imene imalumikizana ndi njanji ya ku Nacala, inatsegulidwa mu 1970. Njanji inafika ku Lilongwe mu 1979, ku Mchinji mu 1980, ndipo ku Chipata mu 2010.

Sungani chaka china chimodzi: 1997. Chaka chimenecho madzi osefukira anadula njanji pa Chiromo, ndipo sitima yochokera ku Limbe inayamba kuthera pa Makhanga. Munthu wa ku Bangula, komwe sitima inasiya kufika, wobadwa pambuyo pa chaka chimenecho ndi wina wobadwa mu 1960 anakulira malo amodzi, koma mukawafunsa za sitima akuuzani za matauni awiri osiyana.

Mverani dzina limene munthu akuitchula nalo kampani. Woti Nyasaland Railways ndi wa nthawi ya atsamunda kapena anamva kwa makolo ake. Woti Malawi Railways ndi wa nthawi imene njanji inali m'manja mwa boma. Woti CEAR (Central East African Railways, kampani imene inatenga njanji kuchokera ku boma) akukamba za kuyambira 1999, ndipo woti Nacala Logistics akukamba za posachedwapa. Dzina lokhalo lakuuzani kale zaka zimene muzifunsa.

2. Dziwani mawu amene anthu amagwiritsa ntchito

Mawu oti sitima amatanthauza ziwiri, ya pamtunda ndi ya pamadzi. Ku Luchenza palibe angasokoneze, koma ku Chipoka, komwe njanji imakumana ndi doko, muzitchula imene mukunena. Kumeneko munthu akhoza kukufotokozerani za Ilala kwa theka la ola inu mukuyesa akunena za njanji. Musamudule, chifukwa nkhanizo n'zogwirizana: zidutswa za Ilala zinabwera pa njanji kuchokera ku Beira, ndipo kwa nthawi yaitali sitima za panyanja zinkayendetsedwa ndi kampani ya njanji yomweyo.

Njanji ndi zitsulo zimene sitima imayendapo, komanso anthu amati "amagwira ku njanji" potanthauza kampani. Bogi ndi chigawo chimodzi cha sitima, zambiri ndi mabogi. Chokoka mabogiwo ena amati injini, ena amati mutu. Pali sitima ya anthu ndi sitima ya katundu. Akuluakulu akamati "ya malasha" afunseni bwino, chifukwa ena amanena injini zakale zoyendera nthunzi zimene ankazisonkhezera malasha, pomwe achinyamata amanena sitima zazitali za masiku ano zonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala.

Mudzamvanso mawu oti Wenela, Theba ndi machona. Wenela ndi Theba ndi mayina a bungwe limene linkalemba anthu opita ku migodi ya ku South Africa, ndipo depoti ya mabasi ya Wenela ku Blantyre, yoyandikana ndi siteshoni, inatengera dzina kumeneko. Machona ndi anthu amene anapita kunja kukagwira ntchito n'kukhaliratu komweko. Mawu amenewa ena amawamva ngati chitonzo, choncho musamutchule nawo munthu pamaso, kapena bambo ake, pokhapokha iye mwini atayamba.

3. Pitani kumene ali

Okonda sitima sali a mtundu umodzi. Alipo okonda makina, amene amasunga manambala a mainjini ndi zithunzi. Alipo amene anagwira ntchito: oyendetsa, oyang'ana matikiti, okonza njanji, amakanika a ku Limbe. Ndipo alipo ambiri amene sadzitcha okonda sitima konse, koma moyo wawo unkayendera nthawi ya sitima: ana a sukulu zogonera komweko, amalonda, ndi amayi amene ankagulitsa nthochi, nzimbe, chinangwa kapena nsomba pa mazenera. Gulu lachitatuli ndi limene ambiri amalidumpha, chikhalirecho ndilo lodziwa za tauni. Woyendetsa sitima ankaima pa Thekerani mphindi zochepa. Mayi wogulitsa nthochi anakhalapo zaka 20.

Ayang'aneni pa masiteshoni a Limbe, Blantyre, Balaka, Nkaya ndi Liwonde, komanso m'misika ndi m'magolosale oyandikana nawo. Funsani m'mipingo ndi m'mizikiti ya pafupi ndi siteshoni kuti ndani anapuma ntchito ku njanji, chifukwa atsogoleri amawadziwa anthu awo. Pabwalo la nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri pali injini zakale za nthunzi, ndipo munthu wachikulire amene waima nthawi yaitali akuyang'ana injini imodzi kawirikawiri ali ndi chifukwa. Ofuna mapepala ndi zithunzi zakale apite ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, kapena ku National Archives ku Zomba.

Ngati muli kunja, yambirani m'magulu a anthu ochokera boma limodzi ndi m'magulu othandizana pa maliro. Ku Bulawayo ndi ku Kabwe, omwe ndi matauni a njanji, kuli mabanja amene makolo awo anachokera ku Malawi.

Cholakwika chofala apa ndi kuthamangira ku ofesi n'kukapempha "mbiri yonse ya njanji". Ogwira ntchito ali ndi zochita, ndipo zina saloledwa kuuza mlendo. Kumudzi, musalowe pakhomo pa munthu mwachisawawa. Dzerani kwa mfumu kapena kwa wachibale amene angakuperekezeni n'kunena kuti ndinu ndani.

4. Kwerani sitimayo, ndipo muyambe ndi moni

Malo abwino koposa odziwirana ndi m'bogi momwemo, chifukwa ulendo ndi wautali ndipo palibe akuthamangira kwina. Tsiku ndi nthawi yonyamukira mukafunse nokha pa siteshoni, ndipo mufunsenso kutatsala tsiku limodzi. Ndondomeko imasintha, makamaka mvula ikawononga njanji. Musadalire zimene wina anakwerera chaka chatha. Fikani molawirira, tengani madzi akumwa okwanira tsiku lonse, chakudya choti mungagawireko mnzanu, ndalama zing'onozing'ono zogulira pa zenera, ndi batire lapadera la foni.

Mukakhala pansi, perekani moni kwa onse amene mwayandikana nawo, osati kwa iye yekha amene mukumufuna. Wamkulu ndi bambo, mayi kapena agogo. Wa msinkhu wanu ndi achimwene kapena achemwali. Foni ndi kope zikhale m'thumba. Munthu amene watulutsa kope sitima isanachoke pa Limbe amaoneka ngati wa boma kapena wa bungwe, ndipo anthu amayamba kumuyankha zimene akuganiza kuti akufuna kumva.

Funso loyamba lichokere pa zenera. "Bambo, siteshoni yotsatira ndi iti?" Akayankha, onjezerani: "Kodi kale sitima inkaimanso pamenepa?" Wodziwa njanji sangayankhe funso limenelo ndi mawu amodzi. Musafunse za katundu amene munthu wanyamula, ndalama zake, kapena ngati akuyenda yekha. M'sitima anthu amasamala akuba, ndipo mafunso otere amakuikani pa mbali yolakwika.

Dzitchuleni inuyo poyamba, ndi kumene munakulira. Nambala ya foni mupemphe kumapeto, munthu atatsala pang'ono kutsika, ndipo munene chifukwa chake momveka: "Mayi, nkhani ya pa Sandama ija ndikufuna ndidzaimve bwino tsiku lina. Kodi ndingakuimbireni?" Akakana kapena akazengereza, thokozani n'kusiya.

5. Musafunse kuti "kwanu n'kuti"

Apa ndi pamene ambiri amataya nkhani asanaiyambe. Mukafunsa munthu kuti kwawo n'kuti, akuuzani mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, monga zilili pa chiphaso. Ameneyo ndi mudzi wa makolo, ndipo mwina anangopitako pa tchuthi kapena pa maliro. Ana a anthu ogwira ku njanji ankakulira m'masiteshoni, akusamuka bambo awo akasinthidwa. Munthu akhoza kunena kuti kwawo ndi ku Ntcheu, chikhalirecho anabadwira ku Limbe, anayamba sukulu ku Salima, n'kumalizira pulayimale ku Luchenza. Mukapitiriza kumufunsa za ku Ntcheu, akuyankhani mwaulemu koma mwachidule, ndipo inu mudzaganiza kuti alibe nkhani.

Funsani chonchi: "Munakulira kuti?" "Sitandade 1 munayambira sukulu iti?" "Nyumba yoyamba imene mukuikumbukira inali kuti?" Kenako lembani malo onse motsatana, ndi kalasi imene anali pa malo alionse. Mndandanda umenewu ndiwo udzakutsogolereni pa macheza onse otsatira.

Musamuuze munthu kuti kwawo kwenikweni ndi uku kapena uko. Ena zimawawawa kuti malo amene amawalota usiku si amene adzaikidwe, ndipo nyumba imene anakuliramo inali ya kampani, moti lero muli anthu ena. Mulekeni atchule yekha.

6. Yendani naye njanji ndi pakamwa

Ili ndilo gawo lovuta. Mwagwirizana tsiku, mwafika pakhomo, mwalonjerana, mwakhala pakhonde. Mukufunsa kuti, "Agogo, tandiuzani za sitima kale." Yankho limakhala limodzi pafupifupi kulikonse: "Aa, zinali bwino kale," kapena "Ndinaiwala mwana wanga, n'kale limenelo." Munthuyo sakunama, ndipo sakukana. Funso lanu ndi lalikulu kwambiri moti alibe pogwira. Chikumbumtima chimagwira pa malo, pa fungo, pa dzina la munthu, osati pa mutu wa nkhani.

Chitani izi. Tengani pepala lalikulu, monga la pakati pa kope, ndi pensulo. Jambulani mizere iwiri yoimira njanji ndi kabokosi koimira siteshoni. Basi. Musajambule china. Muikeni munthuyo pa malo amodzi enieni ndi funso ngati ili: "Mwatsika sitima pa Balaka, mwaima, siteshoni ili kumbuyo kwanu. Kumanja kwanu kuli chiyani?" Akati kunali sitolo, funsani kuti inali ya ndani, ankagulitsamo chiyani, ndipo mukadutsa sitoloyo mumafika pati. Chilichonse chimene watchula chilembeni pa pepala iye akuona. Mukalakwitsa mbali, adzakukonzani, ndipo akangoyamba kukukonzani ndiye kuti nkhani yatseguka. Ambiri amalanda pensulo.

Muyende naye kuchokera pa siteshoni mpaka pakhomo pamene ankakhala, kenako kuchokera pakhomo kupita ku sukulu, ku mjigo kapena kuchitsime, ku msika, ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Ulendo umodzi pa nthawi. Musalumphe.

Mukatha tauni, kwerani naye sitima. Mufunseni atchule masiteshoni motsatana kuchokera kumene ankakwerera. Amene ankayenda njira ya kumwera amayamba Limbe, Luchenza, Sandama, Thekerani, Sankhulani, Makhanga, ndipo pakati pake amatchula timalo tina timene simudzatipeza pa mapu. Wa kumpoto amatchula Nkaya, Balaka, Bilila, Sharpevale, Golomoti, Mtakataka, Chipoka, Salima. Akadumpha dzina, musamuuze msanga. Khalani chete. Kawirikawiri amabwerera yekha, ndipo dzina loiwalikalo limabwera ndi nkhani yake.

Pa siteshoni iliyonse funsani zinthu zogwirika. Pamenepo ankagulitsa chiyani? Sitima inkafika dzuwa lili pati? Inkaima nthawi yaitali bwanji, ndipo chifukwa chiyani? Wa njira ya ku Nayuchi, imene imadutsa pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, mufunseni za matemba ndi mpunga, ndi mmene m'bogi munkanunkhira pobwerera. Wa ku Chipoka mufunseni za usipa ndi za tsiku limene sitima ziwiri zinkakumana. Amene anaona injini za nthunzi afunseni kumene zinkamwera madzi, ndi chimene chinkachitikira malaya oyera munthu akakhala pa zenera. Funsani za mipando, ngati inali ya matabwa kapena ya khushoni, ndi amene ankaloledwa kukhala bogi iti. Funso lomalizali limatsegula nkhani ya tsankho la nthawi ya atsamunda popanda inu kulitchula.

Pali zinthu zinayi zimene zimapha macheza otere, ndipo zonse zimachokera kwa wofunsa. Choyamba ndi kuopa bata. Munthu akakhala chete akuyang'ana kutali, akufufuza. Werengani chamumtima mpaka 10 musanalankhule, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Chachiwiri ndi kufunsa mafunso oti inde kapena ayi. "Sitima inkadzadza?" limathera pa "eya". "Mukalephera kupeza mpando munkakhala pati?" limabala nkhani. Chachitatu ndi kuonetsa nzeru. Zaka zimene mwaloweza mu gawo 1 ndi zoti zikuthandizeni inuyo kumva, osati zoti mukaphunzitse mwini nkhani. Chachinayi, chimene okonda sitima anzathu amagwamo kwambiri, ndi kulanda nkhani. Iye akangoti Liwonde, inu mwayamba kale kufotokoza za ulendo wanu wa ku Liwonde. Kukumbutsana n'kopatsana, zoona, koma tsiku loyamba lolani mbali yaikulu ikhale yake. Yanu ibwere mwachidule, pamene iye waima, ndipo ithere pa funso lobwezera kwa iye.

Ngati pakhomopo pali bambo ndi mayi, mudzaona kuti bambo ndi amene amayankha ngakhale funso lapita kwa mayi. Musalimbane nazo. Pemphani tsiku lina loti mucheze ndi mayi paokha, ndipo ngati ndinu mwamuna, pitani ndi mlongo wanu kapena mayi wina. M'madera a Nsanje munthu akafika pa nkhani ya ubwana amatha kulowa m'Chisena, ku Thyolo m'Chilomwe, ku Machinga m'Chiyao. Musamubweze ku Chichewa. Mulekeni amalize, kenako mufunse tanthauzo, chifukwa mayina a masewera, a zakudya ndi nyimbo za ana amakhala m'chinenero chimene anakulira nacho.

Ola limodzi ndi lokwanira. Wokalamba akatopa amayamba kuvomera chilichonse chimene mwanena. Siyani nkhani ikadali yokoma, musiye pepala la mapu lija kwa iye mutalijambula pa foni, ndipo mubwerenso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ulendo wachiwiri ndi umene umabala zambiri, chifukwa masiku onsewo wakhala akukumbukira, mwina wafunsanso abale ake.

7. Pezani chaka popanda kuchititsa munthu manyazi

Anthu amakumbukira bwino zochitika koma amasokoneza zaka. Wina akhoza kunena motsimikiza kuti ankakwera sitima ya ku Nayuchi nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Sizingatheke, chifukwa chitaganyacho chinatha mu 1963 ndipo njanji ya ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970. Koma mukati "mwalakwitsa agogo", macheza atha pomwepo.

M'malo mwake funsani zinthu zimene chaka chake chimadziwika. Tikiti ankagula ndi mapeni ndi mashereni kapena ndi matambala? Kwacha inayamba mu 1971. Linali likulu likadali ku Zomba? Linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Anali atasiya kulemba anthu a Wenela? Boma linaimitsa zimenezo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu ochokera ku migodi. Sitima zinali zikupitabe ku Beira, kapena nkhondo ya ku Mozambique inali itatseka njira? Njira ya ku Beira ndi ya ku Nacala zinatsekeka m'zaka za m'ma 1980. Inali riferendamu ya 1993 isanachitike? Kwa okalamba kwambiri, njala ya 1949 ndi chipwirikiti cha 1959 ndi zizindikiro zimene saiwala. Za m'banja zimathandizanso: anali sitandade chani, mng'ono wake uti anali kumsana.

Mayankho awiri kapena atatu otere amakupatsani zaka zochepa zimene nkhaniyo ingagweremo. Polemba, lembani zimene munthuyo ananena monga ananenera, ndipo zimene inu mwapeza muzilembe padera. Musasinthe mawu ake. Anthu awiri akasiyana pa nkhani imodzi, sungani zonse ziwiri ndi mayina a amene ananena.

8. Mukafika pa zowawa, chepetsani liwiro

Nkhani za njanji si zokoma zokhazokha. Pali amene anataya abale pa ngozi. Pali amene anachotsedwa ntchito pamene kampani ya boma inkakonzedwanso m'zaka za m'ma 1990, n'kutuluka m'nyumba zimene ana awo anabadwiramo. Pali amene anaperekeza bambo awo pa siteshoni ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, osadzawaonanso. Ena amakumbukira kuopsezedwa chifukwa chosowa khadi la chipani pa ulendo, ena anathawa nkhondo n'kulowera m'malire a Nayuchi kapena Marka.

Munthu akayamba kulira kapena mawu akamugwira pakhosi, imitsani chojambulira iye akuona, ndipo munene kuti mwaimitsa. Musamuuze kuti asalire, ndipo musafunse funso lina. Pepesani monga timapepesera, khalani naye. Akafuna kupitiriza adzapitiriza. Akatchula munthu wina ndi dzina pa nkhani ya kuba, chiwerewere kapena kupereka anzake kwa apolisi, zimenezo zisatuluke m'kope lanu. Ana a munthu wotchulidwayo alipo.

9. Sungani mawu ndi zithunzi moyenera

Pemphani chilolezo musanajambule, ndipo chilolezocho chimveke koyambirira kwa zojambulazo, pamodzi ndi dzina la munthu, malo ndi tsiku. Funsaninso padera ngati akulola kuti ena amve, chifukwa kulola kujambulidwa si kulola kufalitsidwa. Mutseke netiweki ya foni kuti isalandire mafoni, muiike pa nsalu yopinda pa tebulo kapena pa mpando, motalikirana ndi pakamwa pa wolankhula ngati mkono umodzi. Jambulani masekondi 20, mverani, kenako muyambe. Pewani nyumba ya malata mvula ikugwa, pafupi ndi chigayo, ndi wailesi yotsegula. Mphepo ya pakhonde imawononga mawu kuposa mmene khutu limamvera.

Tsiku lomwelo sinthani dzina la failo kuti likhale ndi chaka, mwezi, tsiku, malo ndi dzina. Sungani malo awiri, monga pa kompyuta ndi pa memori khadi imene simuyenda nayo. Lembaninso mayina onse a anthu ndi malo usiku womwewo mukadali kukumbukira katchulidwe kake.

Zithunzi zakale, matikiti, ziphaso za ntchito ndi makalata musabwereke. Zinthu zobwereka sizibwerera, ndipo banja limatsala lopanda kanthu. Zijambuleni pomwepo, pa mthunzi panja, popanda kuwala kwa foni, foni itayang'ana chithunzicho molunjika. Jambulani ndi kumbuyo komwe, chifukwa n'kumene kumakhala chaka, mayina kapena chidindo cha wojambula. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati chikalata, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi chimachepetsedwa ndipo manambala a pa injini ndi nkhope za kumbuyo zimafufutika.

10. Akumanitseni, kenako pitani limodzi kumaloko

Mukadziwana ndi anthu angapo, akumanitseni. Asapitirire asanu ndi atatu, apo ayi pamabadwa timagulu tiwiri tolankhula nthawi imodzi. Sankhani anthu a njira imodzi koma a ntchito zosiyana, monga wokonza njanji, mphunzitsi amene ankakwera popita ku sukulu, ndi mayi wamalonda. Ikani pakati mapu aja kapena chithunzi chimodzi. Gwirizanani poyamba za ndalama ya thiransipoti ndi chakudya, kuti wopuma ntchito asadzipeze akulipira zimene sanayembekezere. Ndale za lero zikhale kunja. Pakhale mmodzi woonetsetsa kuti amene anali ndi udindo waukulu ku ntchito asalankhule yekha tsiku lonse, chifukwa amene anali pansi pake amamuopabe ngakhale papita zaka 25.

Ulendo wopita ku tauni ya ubwana mukonze m'nyengo yopanda mvula, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene misewu ya kumasiteshoni a kumapiri imadutsika ndipo kutentha kwa kuchigwa sikunafike poipa. Muuzeni mnzanuyo musananyamuke kuti mwina nyumba ija inagwa, mtengo wa mango uja anadula, ndipo denga la siteshoni linachoka. Mukafika, kalonjereni mfumu kapena woyang'anira siteshoni, ndipo mupemphe musanajambule nyumba, anthu kapena zipangizo za kampani.

Pa njanji penipeni samalani. Njanji yooneka ngati yakufa mwina ikuyendabe. Sitima za malasha za njira ya ku Nacala ndi zazitali komanso zolemera, moti woyendetsa ngakhale atakuonani sangaime pafupi. Musaime pakati pa njanji pojambula, musadutse pansi pa mabogi oima, ndipo musayende pa mlatho wa sitima, chifukwa palibe pothawira. Musatole chitsulo, bawuti kapena chikwangwani kuti chikhale chikumbutso. Ndi mlandu, ndipo kuba zitsulo za njanji ndi chimodzi mwa zimene zimagwetsa sitima.

Pasanathe mwezi, bwererani kwa aliyense amene anakupatsani nkhani. Mutengereni chithunzi chotsukitsa cha iye ali pa siteshoni yake, mapu aja mutawalemba bwino, ndi mawu ake pa memori khadi kapena pa foni ya mdzukulu wake. Muwerengereni mokweza mayina onse a anthu ndi malo amene munalemba, limodzi limodzi, kuti akonze pamene munamva molakwika. Musanatsanzike, mufunseni kuti ndani wina amene ankakhala pafupi ndi siteshoniyo akadali moyo, ndipo ngati angakulembereni kakalata kapena kumuimbira foni inu muli pomwepo.